Mizu Yokumbatira Mwala: Kulera Mtengo wa Elm wa Bonsai Pathanthwe

Amene anayendapo m'mapiri a Zomba, Mulanje kapena Dedza anaonapo mtengo wa kachere kapena mkuyu utamera pamwamba pa thanthwe, pomwe palibe ngakhale dothi lodzaza dzanja. Mbalame inagwetsapo kanjere, kanjereko kanamera, ndipo mizu inatsetsereka motsata ming'alu mpaka inakapeza nthaka pansi. Pakapita zaka mizuyo imanenepa n'kuphwatalala, moti diso limavutika kuona pomwe pathera mwala ndi pomwe payambira mtengo. Chithunzi chotere ndi chimene olera mitengo ya bonsai ku China ndi ku Japan amayesetsa kuchikhazika m'kambale konyamulika ndi manja awiri. Ine ndakhala ndikulera mitengo ya elm mwa njira imeneyi, ndipo alendo akafika pakhonde panga mafunso awo sasiyana kwenikweni. Ndi awa.

Kodi bonsai ndi mtundu wa mtengo wosakula?

Ayi. Ndi mtengo wamba ngati ina yonse. Mtengo wa elm wa ku China, womwe dzina lake la sayansi ndi Ulmus parvifolia, mukaudzala m'munda umatalika kupitirira mamita 10. Umakhala waung'ono chifukwa mwini wake amaudulira nthambi ndi mizu chaka ndi chaka, n'kuusunga m'mbale yosazama. Mawu oti bonsai ndi a Chijapani, ndipo amatanthauza chodzalidwa m'mbale.

Luso limeneli linayambira ku China komwe amalitcha penjing. M'manda a kalonga Li Xian, a m'chaka cha 706, muli chithunzi chapakhoma choonetsa wantchito atanyamula mbale yokhala ndi timiyala ndi timitengo. Choncho mwala ndi mtengo zakhala limodzi m'mbale kuyambira pachiyambi penipeni. Ku Japan lusoli linafika pambuyo pake n'kukhwima mwa njira yakeyake. Chivomerezi cha 1923 chitagwedeza Tokyo, olera bonsai angapo anasamukira ku Omiya komwe anakhazikitsa mudzi wa bonsai mu 1925, ndipo chionetsero chachikulu cha Kokufu-ten chinayamba mu 1934.

Nanga mtengo wa pamwala umadya chiyani, popeza mwala ulibe chakudya?

Apa pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba, imene Ajapani amaitcha ishitsuki, ndi ya mtengo wodzalidwa m'kaphanga ka mwala momwemo. Mizu yake yonse imakhala m'kadothi kochepa komatidwa pamwalapo, ndipo mwala ndiwo mphika wake. Yachiwiri ndi sekijoju, imene tikukamba pano. Mtengo umakhala pamwamba pa mwala, mizu ikuluikulu imatsika m'mbali ili pamtetete, kenaka nsonga zake zimalowa m'dothi la m'mbale. Timizu ting'onoting'ono tomwera madzi tonse tili pansipo. Mizu yoonekayo yasanduka ngati thunthu: ili ndi khungwa, ndipo ntchito yake ndi kunyamula madzi kupita kumasamba.

Bwanji mwasankha elm osati mtengo wina?

Ku Japan mtengo wodziwika kwambiri pa kaleredwe aka ndi Acer buergerianum, wa masamba a nsonga zitatu. Koma kwa munthu wongoyamba, ine ndimati ayambe ndi elm wa ku China. Masamba ake ndi aang'ono kale, a masentimita awiri mpaka asanu, ndipo mukamadulira pafupipafupi amacheperachepera. Mtengowu ukadulidwa, ngakhale pathunthu lokalamba, umaphukira mosavuta. Khungwa lake likakhwima limasendeka timabalabala totuwa, tofiirira ndi tachikasu, maonekedwe amene amayenderana bwino ndi mwala.

Chachikulu ndi mizu. Mizu ya elm ndi yaitali, yonenepa, yofewa ngati chingwe chonyowa. Mutha kuipinda, kuilowetsa m'mng'alu, kuizungulitsa kuseri kwa mwala, osathyoka. Ndiponso mtengowu sugwidwa wamba ndi matenda a Dutch elm disease amene anapha mitengo ya elm mamiliyoni ambiri ku Britain kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Mwala woyenera ndi wotani?

Musafulumire pa mwala, pakuti mtengo mungauwongole mawa koma mwala ukalowa pakati pa mizu walowa mpaka kalekale. Ukhale wolimba, wosafumbutuka ukanyowa n'kuuma kambirimbiri. Ukhale wokhakhala, wa ming'alu ndi tingalande totsika pansi momwe mizu ingagone. Nsangalabwi yosalala ya mumtsinje ndi yokongola m'manja, koma mizu siipezapo pogwira, ndipo mtengo umaoneka ngati wangokhazikidwapo dzulo. Ajapani amakonda miyala ya mumtsinje wa Ibi m'chigawo cha Gifu, yotchedwa ibigawa, chifukwa cha makwinya ake akuya. Inu simukusowa kuitanitsa mwala kuchokera kutali. M'mbali mwa phiri lililonse muli miyala yamakwinya.

Sankhani mwala wooneka waukulu kuposa mtengo umene muli nawo lero. Mtengo ukula, mwala sukula. Ambiri amatenga kamwala kofanana ndi mbande yawo, ndiye pakatha zaka khumi mizu imakameza konse, n'kutsala kansonga kokha kakusuzumira. Kumbukiraninso kuti chigawo cha pansi cha mwalawo chidzakwiririka m'dothi la m'mbale.

Muutembenuze m'manja kwa masiku angapo. Pezani nkhope yake, mbali imene idzayang'ane kwa woonera. Pezaninso chishalo, kamalo kolowa pang'ono komwe tsinde la mtengo lidzakhale. Ine sindikonda kukhazika mtengo pansonga penipeni ngati chipewa. Kuthengo njere imagwera paphewa la thanthwe, pomwe pamasonkhana fumbi ndi chinyezi, ndipo mtengo wokhala cham'mbali pang'ono umasiya mutu wa mwala ukuoneka.

Mizu yaitali yokwana mwala wonse ndiipeza kuti?

Mumaikulitsa dala. Tengani mbande ya chaka chimodzi kapena ziwiri, muidzale m'chinthu chachitali ndi chopapatiza: chidutswa cha paipi ya pulasitiki chotalika masentimita 40 kapena 50, kapena mabotolo awiri odulidwa n'kulumikizidwa. Mudzazemo mchenga wa mumtsinje wa maso akuluakulu, ndipo pansi pake pokha muikepo dothi lachonde. Mizu imathamangira pansi kufuna chakudya ndi chinyezi, ndipo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri mumakhala ndi mizu yowongoka ngati ndevu. Ikhale yotalika kuposa mwalawo ndi theka lina, kuti nsonga zidzalowe bwino m'dothi.

Elm ali ndi mphatso ina. Muzu wake wodulidwa umamera n'kukhala mtengo watsopano. Pamene mukusintha dothi la mtengo wamkulu, musataye mizu yonenepa ngati pensulo. Sankhani wa mphanda zitatu kapena zinayi, muudzale mbali yakumtunda ili m'mwamba, kansonga kake katatulukira pang'ono, ndipo pakapita milungu pakamwa podulidwapo pamatuluka timphukira tambiri. Musiyepo kamodzi. Muzu wotere mungathe kuukhazika pamwala tsiku lomwe mwaudula.

Tsiku loukhazika pamwala likafika, mumachita chiyani?

Nthawi yake ndi pamene nyengo yozizira ikutha, timaso ta masamba tatupa koma tisanatseguke. Ku Japan ndi ku Britain ndi cha m'Malichi. Kum'mwera kwa Africa ndi kumapeto kwa Julayi mpaka mu Ogasiti. Gwirani ntchitoyi pamthunzi, popanda mphepo, muli ndi botolo lopoperera madzi pafupi, chifukwa timizu tikauma kwa mphindi zochepa tafa.

Tsukani mizu yonse mpaka dothi lichoke, muipese ndi zala kapena ndi kamtengo kosongoka. Khazikani tsinde pachishalo chija n'kukanikiza kuti pansi pake pasatsale mphako. Kenaka gawani mizu: ina kutsogolo, ina kumbuyo, ina m'mbali, uliwonse m'kangalande kake. Isapingasane ngati miyendo ya munthu wokhala pampando, pakuti ikadzanenepa pamalopo padzatupa chotupa chosaoneka bwino. Isatalikirane mofanana ngati masipoko a njinga. Iwiri iyende moyandikana, wina upatuke wokha, ndipo mbali ina ya mwala itsale yopanda kanthu kuti anthu adzaone kuti ndi mwala. M'mera mpoyamba: momwe mwaigonekera lero ndi momwe idzakhalire zaka makumi akubwerawa.

Tsopano mangani. Olera bonsai ambiri amagwiritsa ntchito luzi la chiwale lonyowetsedwa, chifukwa limaola lokha lisanadule muzu. Ena amakulunga ndi tepi yofewa yomangira mitengo yomezanitsa. Malegeni amagwira bwino, koma ngati simuwamasula nthawi yake amasiya mkanda pamuzu. Pomwe muzu wadutsa pamalo olowa n'kulendewera, ikani kachidutswa ka mphira kapena kamtengo pamwamba pake musanamange, kuti ukankhidwire mkati mpaka ukhudze mwala.

Pamwamba pa mizu matani kadothi konyowa kopyapyala. Ajapani ali ndi dothi lakuda lomata la m'madambo lotchedwa keto, limene amalisakaniza ndi ndere ndi dongo la timibulu lotchedwa akadama. Dongo losakaniza ndi manyowa owolerana bwino limagwira ntchito yomweyo. Pomaliza kulungani mwala wonse ndi pepala la pulasitiki mothinitsa, pamwamba ndi pansi pali potseguka. Pulasitikiyo imaletsa mizu kuphukira cham'mbali kuthawa mwala, n'kuikakamiza kulowera pansi.

Ndiye mukatero mumauika m'mbale yokongola ija?

Ayi, mumaukwirira. Mwala wonse pamodzi ndi mizu yake zimalowa m'chidebe chakuya kapena m'munda, dothi n'kufika patsinde la mtengo. Munthu wodutsa amangoona kamtengo wamba, osadziwa kuti pansi pali mwala. Apa ndi pomwe ambiri mtima umawapweteka, chifukwa chinthu chimene achikonza ndi manja awo tsiku lonse sachionanso kwa chaka chimodzi, ziwiri, ngakhale zitatu.

Chifukwa chake ndi ichi. Muzu wanthete ulibe khungwa loteteza ku dzuwa ndi mphepo, ndipo umakula msanga uli mumdima ndi m'chinyezi. Komanso muzu sunenepa wokha. Umanenepetsedwa ndi masamba. Chakudya chimene masamba amapanga padzuwa chimatsika kudzera m'kati mwa khungwa mpaka kumizu, choncho masamba akachuluka mizu imakula. Pa zaka zokwiririkazi musadulire mtengowo ngati bonsai. Ulekeni utalike, utaye nthambi mbali zonse, ufike mita imodzi kapena iwiri. Muuthirire, muupatse feteleza kapena manyowa nyengo yonse yokula. Udzaoneka ngati tchire, ndipo ndi momwe uyenera kuonekera. Pansipo muzu uliwonse ukamanenepa umapeza mwala ukuutchinga mbali imodzi, ndiye umaphwatalala, umadzaza mng'alu, ndipo pomwe wakumana ndi unzake imalumikizana n'kukhala thupi limodzi. Kugwirana kumeneku palibe chida chimene chingakupangireni.

Mtengo wanga woyamba ndinaufukula utangotha dzinja limodzi, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mizu inali idakali yoyera, yopyapyala ngati ulusi wosokera nsapato. Pofika tsiku lachitatu ya mbali yakumadzulo inali itafota n'kuda, ndipo nthambi ziwiri za mbali imeneyo zinayoyola masamba. Ndinaukwiriranso, unapulumuka, koma mbali imeneyo ya mwala ndi yopanda muzu mpaka lero. Ndimauyang'ana ndi chisoni ndithu, chifukwa unali mwala wabwino koposa yonse imene ndinatolapo.

Ndingadziwe bwanji kuti nthawi yofukula yakwana?

Pakatha chaka, nyengo yomwe ija imene munaukhazika pamwala, fukulani mosamala kuti muone. Dulani pulasitiki, tsukani, yang'anani muzu uliwonse. Ngati pali wina umene wadzuka n'kusiya mpata woti chala n'kulowa, ino ndiyo nthawi yomaliza youbwezera, pakuti ukakhwima subwereranso. Chotsani timizu tomera mopingasa. Gwedezani mwala pang'ono: ngati ukusuntha pakati pa mizu, mangani kachiwiri n'kukwiriranso chaka china. Mukaunyamula ndi thunthu mwala n'kubwera nawo osagwedera, wagwira.

Ngakhale pamenepo musauvule tsiku limodzi. Chotsani dothi la pamwamba masentimita awiri kapena atatu, dikirani milungu ingapo, chotsaninso. Ngati uli m'chidebe cha pulasitiki, muzidula mkombero wa chidebecho pang'onopang'ono kutsika pansi. Muzu ukayamba kuona kuwala umasintha mtundu, kuchoka pa chikasu chotuwa kufika pa mtundu wa thunthu, ndipo khungwa limakhuthala. Ntchito yovulayi itha kutenga nyengo yonse ya mvula kapena kupitirira. Pamizu yovulidwayo elm amakonda kutulutsa mphukira. Zithotholeni ndi chala zikadali zanthete, zisanasiye zipsera.

Nanga thunthu lija lotalika mamita awiri?

Mumalidula, ndipo mumalidula mopanda mantha. Mizu ikafika pa kunenepa kumene mukufuna, chekani thunthu pamwamba pang'ono pa mwala, mwina masentimita 10 kapena 15 malinga ndi kukula kwa mwalawo. Paphukira mphukira zambiri. Imodzi ikhale mutu watsopano, ina nthambi yoyamba, zotsalazo zichoke. Mutu watsopanowo ukanenepa kufika pafupi ndi theka la thunthu la pansi, muudulenso. Kudula kobwerezabwereza kumeneku ndi kumene kumapatsa thunthu maonekedwe oyamba monenepa n'kumaonda pokwera, ngati mtengo wakale.

Pa nthambi pali njira ziwiri. Mutha kukulunga waya wa aluminiyamu, wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo, mopendeketsa madigiri 45, n'kuipinda. Koma elm amanenepa msanga, ndipo nthawi ya mvula waya amatha kulowa m'khungwa pa milungu yochepa. Muziyang'ana sabata iliyonse, ndipo pochotsa muzidula wayayo tizidutswa, osati kumasula. Njira imene ine ndimaikonda ndi ya olera penjing a chigawo cha Guangdong, a kaleredwe ka Lingnan, yongodula n'kusiya kuti iphuke. Masamba a elm amamera mosinthana, lina kumanja lina kumanzere, ndipo mphukira yatsopano imalowera komwe kwaloza tsamba lotsiriza limene mwasiya. Lekani mphukira ifike masamba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, muidule kutsale awiri kapena atatu, mutasankha tsamba loloza kumene mukufuna nthambi ipite. Zimatenga nthawi kuposa waya, koma nthambi zake zimapindika mwamphamvu, mogwirizana ndi kuuma kwa mwala.

Nthambi zisaphimbe mizu. Chimene munthu wabwera kudzaona ndi mwala ndi mizu, choncho mutu wa mtengo ukhale wocheperapo, ndipo nthambi yaitali ilowere mbali imene mwala watsetserekera.

Dothi, madzi ndi mbale?

Mbale ikhale yosazama, yotambalala, ya mabowo akulu pansi. Mwala usakhale pakatikati, upendekere mbali imodzi, ndipo muumangirire ndi waya kudzera m'mabowowo kuti usagwedeze timizu. Dothi likhale la timibulu, lodutsa madzi msanga. Ku Japan amagwiritsa ntchito akadama, dongo lofiirira la timibulu lokumbidwa m'dera la Kanto, losakaniza ndi miyala yopepuka ya kuphiri lophulika. Komwe zimenezi kulibe, njerwa zootcha zophwanya n'kusefa, mchenga wa maso akulu ndi makungwa a paini owola zimathandiza. Dothi la m'dimba lokha limagwirana ngati phala ndipo mizu imaola.

Thirirani pamene pamwamba pa dothi payamba kuuma, mpaka madzi atuluke pansi. Mwala umatentha padzuwa n'kuumitsa mbale msanga, kotero m'chilimwe mungafunike kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndi kuuika pomwe dzuwa la masana silifika. Mtengo waung'ono muusinthe dothi chaka chilichonse kapena pakatha ziwiri, mukudula mizu ya pansi yosapitirira gawo limodzi mwa atatu. Mizu yogwira mwala ija simuikhudza.

Kodi ndingausunge m'nyumba?

M'masitolo a maluwa ku Britain elm wa ku China amagulitsidwa ngati bonsai ya m'nyumba, kawirikawiri thunthu lake litapindidwa ngati chilembo cha S. N'zoona kuti umapirira pawindo lowala kuposa mitengo yambiri, koma kupirira si kukondwa. M'nyumba mphukira zimatalika mofooka, masamba amachita chikasu, ndipo tiakangaude tofiira timachuluka mumpweya wouma. Malo ake ndi panja. Kumalo ozizira umayoyola masamba nthawi yachisanu, kumalo otentha umasunga ambiri chaka chonse, ndipo zonsezi ndi zachibadwa. Komwe madzi amaundana usiku, mizu ya pamtetete ndiyo imayamba kuvulala, choncho usiku wotero muulowetse m'shedi. Muziyang'ananso nsabwe za m'masamba pamphukira zanthete, ndipo ngati mwaukwirira m'munda, chenjerani ndi chiswe.

Ngati elm sindingaupeze kwathu kuno?

Ku South Africa ndi ku Britain mbande zake zimapezeka m'manazale. Koma njira yonse imene ndafotokozayi imagwiranso pa mitengo ya kwathu, makamaka ya banja la mkuyu. Olera bonsai ku South Africa amakhazika pamiyala mitundu ya nkhuyu zakuthengo monga Ficus natalensis ndi Ficus burtt-davyi, ndipo ena amalera Celtis africana, umene masamba ake amafananako ndi a elm. Kachere amamera ndi nthambi yongodula n'kuzika mumchenga, mizu yake imathamanga kuposa ya elm, ndipo kukwera miyala ndi khalidwe lake lobadwa nalo. Kusiyana kwake n'kwakuti mitengo ya banja la mkuyu imafuna kugwiridwa mizu kukatentha, cha mu Okutobala kapena Novembala mvula ili pafupi, osati nthawi yozizira.

Musakazule mtengo umene wagwira kale thanthwe kuphiri. Sudzachoka wamoyo, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ndi mlandu. Dulani kanthambi konenepa ngati chala pamtengo wa pamudzi, mukazike m'paipi ya mchenga lero, ndipo miyezi imene mizu ikutsika muigwiritse ntchito kufunafuna mwala.